Chipikisheni cha mathiraki cha mu Meyi: tiimike kapena tiyende?

Mayi wina wakwathu amene akukhala ku Indiana, m'dziko la America, walemba kuti: "Ine ndi amuna anga tili ndi kakampani ka mathiraki atatu. Imodzi amayendetsa okha, ziwirizo zili ndi madalaivala, ndipo mmodzi ndi mnyamata wakwathu amene watenga CDL (layisensi yoyendetsera mathiraki) chaka chathachi. Ine ndimagwira za mapepala. Tamva kuti mu Meyi kumakhala chipikisheni chachikulu cha masiku atatu m'misewu yonse. Amuna anga akuti tingoimika mathiraki sabata imeneyo monga amachitira anzawo, koma ngongole ya kubanki siima. Tiwakonzekeretse bwanji madalaivalawa? Ndili ndi mantha kuti thiraki ikangogwidwa kamodzi, basi kampani yathu yatha."

Mayi, zikomo polemba, ndipo khazikani mtima pansi. Ndakhala pa ntchito ya mathiraki zaka zambiri, poyamba pa chiwongolero, kenaka muofesi kuyang'anira za chitetezo, ndipo sindinaonepo kampani itatsekedwa chifukwa chogwidwa kamodzi. Makampani amene ndawaona akugwa ndi aja amene thiraki yawo imagwidwa ndi vuto lomwelo kawiri, katatu, eni ake akungoti tidzakonza ndalama ikalowa.

Chimene mwamvacho chimatchedwa International Roadcheck. Amakonza ndi bungwe la CVSA, limene limasonkhanitsa maofisala oyendera magalimoto a katundu a ku America, Canada ndi Mexico. Chinayamba mu 1988, chimatenga maola 72, ndipo zaka zaposachedwazi chakhala chikuchitika pakati pa Meyi, kuyambira Lachiwiri mpaka Lachinayi. Mu 2024 anali pa 14 mpaka 16, mu 2025 pa 13 mpaka 15. Masiku amalengezedwa nthawi ikadalipo, pamodzi ndi zimene adzayang'anitsitse chaka chimenecho: mu 2023 zinali ABS (chipangizo choteteza matayala kuti asamangike poponda buleki) ndi kamangidwe ka katundu, mu 2025 matayala ndi mabodza olembedwa m'malogi a maola. Koma pamasiku atatuwo sipabwera lamulo latsopano ngakhale limodzi. Ofisala amachita zomwezo zimene amachita pa sikelo tsiku lina lililonse. Kungoti maofisala amakhala ambiri, masikelo amene nthawi zina amakhala otseka amatsegulidwa, ndiye mwayi woti aitanidwe pambali umakula.

Pa za kuimika mathiraki, abambo akunena zoona kuti ambiri amatero. Ine sindigwirizana nazo. Thiraki imene mukuopa kuti ofisala aione Lachitatu ndi yomweyo idzatsike chitunda Lachisanu itasenza katundu, mnyamata wanu uja ali m'kati. Ndiponso kubisala sikuthera pamenepo, chifukwa mu Julayi kuli sabata yoyang'ana kayendetsedwe ka madalaivala, mu Ogasiti kuli sabata ya mabuleki, ndipo pali tsiku lina la mabuleki limene salengeza n'komwe. Kampani yaing'ono ngati yanu imafunikanso malipoti oyera. Muli ndi mathiraki atatu okha, choncho lipoti limodzi loipa limalemera kwambiri pa mbiri yanu ku FMCSA, nthambi ya boma la America yoyang'anira chitetezo cha mathiraki, ndipo chimene chimapeputsa ndi malipoti abwino. A inshuwalansi ndi mabroka opereka katundu amayang'ana mbiri imeneyi. Thiraki ikadutsa bwino chipikisheni chathunthu imapatsidwa kasitika ka CVSA kamene kamagwira ntchito mpaka miyezi itatu, ndipo nthawi zambiri ofisala wina akakaona amangoti pitirirani. Pamene ndingavomereze kuimika ndi pomwe mukudziwa kuti thiraki ili ndi vuto lenileni ndipo ndalama yokonzera sinapezeke. Apo iimeni ndithu, koma iime mpaka itakonzedwa.

Musasokoneze chipikisheni ichi ndi kuyeza galimoto kwa pachaka, kumene tingakufanizire ndi COF ya kwathu. Lamulo limafuna kuti hosi ndi thirela, chilichonse pachokha, chiyezedwe ndi makaniko woyenerera miyezi 12 iliyonse, ndipo umboni wake, kaya sitika kaya lipoti, uziyenda ndi galimotoyo. Ya hosi anthu saiwala. Imene imapezeka itatha ndi ya thirela, makamaka ngati mumakoka mathirela a eni ena. Dalaivala asakoke thirela asanaone tsiku la pa sitika.

Mantha a dalaivala watsopano amachokera posadziwa chimene chichitike, choncho muuzeni zonse. Chipikisheni chathunthu amati Level I, ndipo chili ndi masitepe 37. Ofisala amayamba ndi munthu: amamupatsa moni, amamuyang'ana ngati watopa kapena waledzera, amaona lamba wapampando, amapempha layisensi, mapepala a galimoto, a katundu ndi malogi. Kenaka amaika zotchinga ku matayala, n'kumauza dalaivala kuti ayatse magetsi, aponde buleki, agwedeze chiwongolero, iye akuzungulira ndi kulowa pansi pa thiraki ndi tochi. Zikhoza kutenga pafupifupi ola. Nthawi zina amangochita Level II, kuzungulira osalowa pansi, kapena Level III, ya dalaivala ndi mapepala okha. Akuluakulu anati pita uko si kuyenda, koma tiye kuno. Loweruka lina abambo atenge madalaivala awiriwo payadi, iwo akhale ofisala, achite zonsezi kuyambira moni mpaka kusaina. Mnyamata akadzamva mawu omwewo pamsewu, manja sadzanjenjemera.

Ndikhalitse pa mabuleki, chifukwa chaka ndi chaka ndi amene amatsogola pa zifukwa zoimitsira mathiraki. Lamulo lake ndi loti mabuleki 20 pa 100 alionse akapezeka olakwika, galimoto imaikidwa out of service, kutanthauza kuti siisuntha pamalopo mpaka itakonzedwa. Hosi ndi thirela ya ma axle asanu ili ndi mabuleki khumi, ndiye awiri okha akwana kuti thiraki igone pa sikelo. Zinandichitikirapo ine zaka zanga zoyambirira kuno. Ndinakoka thirela usiku, ndinayang'ana magetsi ndi matayala basi, m'mawa mwake ofisala anapeza mabuleki awiri a kumbuyo akuyenda mopitirira muyezo. Ndinakhala pamenepo theka la tsiku kudikira makaniko wa pamsewu, amene mtengo wake ndi wowawa, katundu anachedwa, ndipo cholakwacho chinakhala pa dzina langa zaka zitatu. Mabulekiwo pagalimoto ankamveka bwinobwino. Ichi ndicho choopsa chake: phazi silingakuuzeni kuti awiri mwa khumi sakugwira, chifukwa asanu ndi atatu enawo akuwagwirira ntchito, mpaka tsiku limene adzatenthe pa chitunda chachitali.

Chimene ofisala amayeza ndi kutalika kumene pushrod, kachitsulo kochokera mu chamber ya mpweya kokankha buleki, imatuluka buleki ikapondedwa. Pa chamber ya mtundu wa 30 wamba malire ndi mainchi awiri, pa ya long stroke ndi mainchi awiri ndi theka. Uzani makaniko ayeze gudumu lililonse ndipo akulembereni manambala papepala, asangonena pakamwa kuti zili bwino. Ndipo pali chizolowezi china chimene ndikupemphani muchiletse pakampani panu. Mathiraki opangidwa kuyambira chakumapeto kwa 1994 ali ndi ma slack adjuster (zipangizo zosunga buleki pa muyezo) odzikonza okha. Wotere akapitirira muyezo ndiye kuti china chawonongeka, mwina iye mwini, mwina ma bushing kapena S-cam. Kumumanga ndi sipanala dzulo lake la chipikisheni kumangobisa matenda kwa masiku ochepa, kenaka amabwerera pomwe anali. Asinthidwe kapena chimene chikumulepheretsa chikonzedwe. Ngati thiraki ili ndi mabuleki a disiki nkhani ya pushrod imachepa, koma ma pad ndi ma rotor osweka amawaona ndithu.

Za mpweya dalaivala angathe kuyesa yekha m'mawa uliwonse, mphindi zisanu. Mpweya utadzaza, azimitse injini, amasule mabuleki matayala atatchingidwa, aponde buleki n'kugwira mphindi imodzi: pa hosi ndi thirela usatsike kupitirira 4 psi. Kenaka azipondaponda mpaka chenjezo la mpweya wochepa lilire, ndipo liyenera kulira geji isanatsike pansi pa 55 psi. Akapitiriza, mabatani aja wofiira ndi wachikasu ayenera kutuluka okha mpweya ukafika pakati pa 45 ndi 20. Aonenso mapaipi a mpweya a kuseri kwa kabu. Akamakhuza pa chitsulo amaperepeseka, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zolakwa zimene zimalembedwa kawirikawiri, chonsecho mankhwala ake ndi kungowapachika bwino. Getsi la ABS, la pa dashibodi ndi lija lachikasu la kumbuyo kumanzere kwa thirela, liyenera kuyaka poliza galimoto kenaka n'kuzima. Likangokhala chiyakire, kapena osayaka n'komwe, pali vuto.

Matayala akutsogolo akhale ndi mapazi osachepera 4/32 ya inchi, enawo 2/32. Gulirani dalaivala aliyense kageji koyezera mapazi ndi geji ya mpweya, n'zotchipa. Kumenya tayala ndi nyundo kumangokuuzani kuti silinaphwe kotheratu, pomwe tayala limene mpweya wake watsika kufika theka la umene walembedwa m'mbali mwake limawerengedwa kuti ndi lakuphwa, ndipo limaimitsa galimoto. Amene amabisala ndi a m'kati pa awiriawiri aja. Pomwepo ayang'ane mizere ya dzimbiri yochokera pa manati, chizindikiro choti akumasuka, ndi oyilo wotuluka pa hub amene angathe kunyowetsa mabuleki. Za magetsi sindichulukitsa: babu limodzi lakufa ndi limene limachititsa ofisala kusankha thiraki yanu pakati pa khumi zodutsa. Mababu apadera azikhala m'kabu, pamodzi ndi chozimitsira moto chodzaza ndiponso chomangirira bwino, ndi matirayango atatu.

Simunanene mtundu wa mathirela anu. Ngati ndi flatbed, thirela yopanda mpanda ndi denga, malamba ndi matcheni onse pamodzi akhale ndi mphamvu yosachepera theka la kulemera kwa katundu, lamba wong'ambika atayidwe, ndipo dalaivala aime kuona katundu asanakwanitse mamailosi 50 oyamba, kenaka pa maola atatu kapena mamailosi 150 alionse. Ngakhale pa thirela yotseka, tayala la sipeya, matcheni ndi matabwa ongoikidwa kuseri kwa kabu osamangirira amalembedwa ngati katundu wosamangidwa.

Tsopano mbali yanu, mayi, chifukwa zambiri zimene zimaimitsa dalaivala mwini zimadutsa pa tebulo lanu. Chotsogola ndi maola. Ku America dalaivala wa katundu amayendetsa maola 11 m'kati mwa maola 14 kuchokera pamene wayamba ntchito, atapuma maola 10. Akayendetsa maola 8 ayenera kupuma mphindi 30, ndipo asapitirire maola 70 pa masiku 8, kapena 60 pa masiku 7 ngati kampani siyenda tsiku lililonse. Akawolokera ku Canada malamulo ndi ena, kumeneko kuyendetsa ndi maola 13, ndiye ELD, chipangizo cha m'thiraki cholemba maola, iikidwe pa malamulo a kumeneko. Ofisala amaona tsiku la lero ndi masiku 7 a m'mbuyo. Izi zikutanthauza kuti malogi amene adzaonedwe pa chipikisheni amayamba kulembedwa sabata yathunthu chisanafike.

Khalani pa kompyuta muyang'ane zinthu zitatu. Maulendo amene ELD yalemba koma palibe dalaivala wawavomereza, aperekedwe kwa mwini wake kapena alembedwe chifukwa. Masiku amene dalaivala sanasaine, asaine. Ndipo onani mmene akugwiritsira ntchito personal conveyance. Batani limenelo la pa ELD ndi loti munthu ali pa mpumulo apite kukadya kapena kukagona. Akalitenga ngati njira yoyandikirira kumene akukatsitsa katundu maola atatha, ofisala amaliwerenga ngati logi yabodza, ndipo amafananiza ndi malisiti a dizilo, a pa toll ndi nthawi ya pa bill of lading, pepala la katundu. Kupitirira maola ndi cholakwa, koma bodza limalemera kuposa. Chinanso chimene ndimachiona kawirikawiri ndi dalaivala wa malogi oyera amene sadziwa kutumiza zimenezo kwa ofisala. Aliyense ayeserere pamaso panu kutumiza, ndipo m'kabu mukhale pepala la malangizo ake, kabuku ka ELD ndi malogi a pepala osalemba okwana masiku 8. Lowaninso pa tsamba la FMCSA muone ngati ELD yanu ikadali pa mndandanda wovomerezeka, chifukwa amachotsapo ena nthawi ndi nthawi, ndipo makampani aang'ono ogula zotchipa ndi amene amagwa m'mbuna imeneyi.

Mapepala onse akhale m'fayilo imodzi m'thiraki iliyonse: cab card ya IRP (kaundula woyendera m'madera osiyanasiyana), chiphaso cha IFTA (cha msonkho wa mafuta), inshuwalansi, kaundula wa thirela, lipoti la kuyeza kwa pachaka. Chiphaso cha dokotala chimagwira ntchito osapitirira miyezi 24, ndipo kwa odwala BP kapena shuga kawirikawiri chimakhala cha chaka chimodzi kapena kucheperapo. Chikatha, kapena ngati sichinafike ku ofesi ya ziphaso ya boma la dera lanu, CDL imatha kuchotsedwa mphamvu dalaivala osadziwa. Choncho musadalire kapepala ka m'chikwama kokha, itanitsani rekodi ya dalaivala aliyense muone nokha. Chimodzimodzi Drug and Alcohol Clearinghouse, nkhokwe ya boma ya mayina a madalaivala opezeka ndi mowa kapena mankhwala ozunguza bongo, imene muyenera kufufuzamo dalaivala aliyense kamodzi pachaka, ndi abambo omwe. Kuyambira Novembala 2024 amene walembedwa kuti ndi woletsedwa mmenemo amalandidwa mphamvu ya CDL yake.

Auzeni momveka kuti mowa suloledwa m'kabu, ngakhale wosatsegula wogulira kunyumba. Mowa ukangomveka m'thupi, ngakhale pang'ono, munthu amaimitsidwa maola 24. Chamba chikhoza kukhala chololedwa ku Michigan ndi ku Illinois, madera oyandikana nanu, koma kwa dalaivala wa CDL n'choletsedwa kulikonse chifukwa iye amayendera lamulo la boma lalikulu. Achenjerenso ndi mafuta ndi maswiti a CBD (ochokera ku chomera cha chamba) ogulitsidwa m'ma truck stop, ena amaoneka pa kuyeza mkodzo.

Pali nkhani ina imene ikutikhudza ife obwera. Lamulo loti dalaivala azitha kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi ndi lakale, koma kuyambira pa 25 Juni 2025 kulephera kwake kumaimitsa dalaivala pomwepo. Ofisala amacheza naye m'Chingerezi, popanda womasulira kapena foni, ndipo akhoza kumufunsa tanthauzo la zikwangwani za pamsewu. Mnyamata wakwathu Chingerezi amachidziwa, sindikukayika. Chimene chimatipweteka ndi ulemu wathu uja: kuyankha motsitsa mawu, maso pansi, kuvomera "yes" pa funso limene sitinalimve bwino. Kwathu ndi khalidwe labwino, koma ofisala wa ku Ohio angaganize kuti munthuyu sakumva kapena akubisa kanthu. Muphunzitseni kuyang'ana ofisala kumaso, kuyankha mokweza, ndi kupempha kuti abwereze funso ngati walankhula mothamanga. Adziwe kunena kumene wachokera, kumene akupita, chimene wanyamula, ndi maola amene wagwira. Ndipo ndinene poyera chifukwa ndimawakonda ana athuwa: asayerekeze kutchula za fanta kapena kupinda kandalama m'layisensi. Kuno umenewo ndi mlandu womangidwa nawo, woposa chilichonse chimene ofisala akadapeza pa thiraki.

Kabu ikhale yaukhondo, dashibodi yopanda mapepala ndi mabotolo. Foni isakhale m'manja polowa pa sikelo, lamba asamasulidwe mpaka ofisala atamuona. Ofisala akapeza cholakwa, dalaivala afunse mwaulemu kuti amuonetse, ajambule chithunzi, asaine lipoti, osakangana. Kusaina n'kuvomera kuti walandira pepala basi.

Chimene chingakuthandizeni kuposa zonse ndatchulazi ndi mmene inu ndi abambo mumayankhira dalaivala akaimba foni kuti tayala latha kapena mpweya ukutuluka. Akamva kuti "kafikeni kaye, tikaona pobwera" kawiri kokha, sadzanenanso, ndipo vutolo mudzalimva kwa ofisala. Ndikudziwa kuti ngongole imafinya, ndipo katundu akachedwa broka amakwiya. Koma dalaivala amene amalipidwa pa mailosi amaona kuyendera thiraki m'mawa ngati nthawi yotayika, pokhapokha bwana aonetse kuti amakuwerengera. Makampani ambiri amapereka kabonasi pa lipoti lililonse loyera, ndipo ndaona kakugwira ntchito. Dziwaninso kuti kukakamiza dalaivala kuyenda ndi galimoto yolakwika kapena maola atatha ndi mlandu pawokha, ndipo dalaivalayo ali ndi ufulu wokadandaula ku boma.

Thiraki ikagwidwa, isasunthe mpaka chimene chalembedwa out of service chitakonzedwa. Kuisuntha kumabweretsa chindapusa chachikulu ndi kulandidwa CDL kwa miyezi. Dalaivala akupatseni lipotilo msanga, inu mukonze zonse zolembedwa, musaine, mulibweze ku ofesi imene yalembedwa pamenepo pasanathe masiku 15, ndipo kope musunge miyezi 12. Cholakwacho chimawerengedwa pa kampani miyezi 24, chikumapepuka pamene nthawi ikupita. Ngati mukukhulupirira kuti ofisala analakwitsa, pali njira yodandaulira ya DataQs pa intaneti, ndipo pamenepo zithunzi ndi malisiti a galaja ndi amene amalankhula.

Thandizo lapadera mulifune pa zinthu izi. Masabata atatu kapena anayi chipikisheni chisanafike, mathiraki onse ndi mathirela apite kwa makaniko wodziwa mabuleki a mpweya, chifukwa sabata yomaliza magalaja amadzaza ndipo zipangizo zimachedwa. Mukalandira kalata yochenjeza kuchokera ku FMCSA, kapena yoti akubwera kudzaona mabuku anu, pezani katswiri wa malamulo a mathiraki sabata yomweyo. Dalaivala akapatsidwa tikiti ya kukhoti pamwamba pa lipoti, asangolipira asanalankhule ndi loya wodziwa za CDL, popeza kulipira n'kuvomera mlandu ndipo milandu ina iwiri m'zaka zitatu imamuimitsa kuyendetsa. Ndipo ngati CDL ya mnyamata uja inaperekedwa potengera chilolezo chogwirira ntchito, osati green card kapena unzika, malamulo a ziphaso zoterezi akhala akusintha kuyambira 2025. Onani tsiku limene ikutha, ndipo apite kwa loya wa za olowa m'dziko komanso ku ofesi ya ziphaso ya ku Indiana mwezi uno, asadikire Meyi.